Duwa lokhalitsa limayesedwa mu Okutobala

Munthu akafuna kubzala maluwa okhalitsa m'mbali mwa nyumba, mwa mpanda kapena mwa kanjira kolowera pakhomo, funso lake loyamba limakhala limodzi, ndipo ogulitsa mbande m'mbali mwa misewu ya ku Lilongwe ndi ku Blantyre amalimva tsiku ndi tsiku: ili ndi la padzuwa kapena la pamthunzi? Funsoli si lolakwika. Mabuku a zamaluwa ndi timapepala tomwe timabwera ndi mbewu za kunja amagawa malo patatu. Pamene dzuwa limawomba maola 6 kapena kupitirira amati ndi padzuwa, pamene limawomba maola 3 mpaka 6 amati ndi pakatikati, ndipo pamene silikwana maola 3 amati ndi pamthunzi. Vuto ndi lakuti muyeso umenewu anaupangira maiko amene mdani wamkulu wa duwa ndi chisanu choumitsa madzi. Mapu otchuka a unduna wa zaulimi wa ku America, a USDA, omwe alimi a maluwa ambiri padziko amawadalira, amagawa madera poyang'ana chinthu chimodzi chokha: kuti kumazizira kufika pati pa nyengo yozizira kwambiri ya chaka. Kwathu kuno, tikapatula ku Nyika, pamwamba pa phiri la Mulanje ndi madambo ena a kumapiri, chisanu sichipha duwa. Chimene chimapha ndi miyezi 6 kapena 7 yopanda mvula, yomwe imathera m'kutentha kwa Okutobala, kenako mvula ya Januwale yomwe imakhathamiritsa nthaka mpaka mizu kuwola. Choncho funso la dzuwa ndi mthunzi limakhala ndi tanthauzo pokhapokha tikaliphatikiza ndi ena awiri: dzuwa la mwezi uti, ndipo pansi pa mthunziwo pali chinyezi kapena palibe?

Tiyambe ndi dzuwa lenilenilo, pakuti silikhala malo amodzi. Malawi ali kummwera kwa equator, pakati pa madigiri 9 ndi 17. Mu Juni dzuwa limadutsa chakumpoto, ndipo ku Lilongwe limakwera pafupifupi madigiri 52 okha masana, kotero mpanda wa njerwa wotalika mamita 2 umagwetsa mthunzi wa mita imodzi ndi theka kummwera kwake. Amene wayang'ana bedi la kumeneko m'nyengo yozizira anena mosakayika kuti ndi la pamthunzi. Koma chakumapeto kwa Okutobala ndi kuchiyambi kwa Novembala dzuwa limafika paliwombo penipeni, limapitirira pang'ono chakummwera mu Disembala, n'kudzadutsanso paliwombo mu Febuluwale. Bedi lija limene linali pamthunzi mu Juni limakhala pamtetete pa nthawi imene kukutentha koposa, nthaka itauma gwa. Maluwa ambiri a pamthunzi amene amapsa masamba mu Okutobala sanabzalidwe ndi munthu wosasamala ayi, anabzalidwa ndi munthu amene anayang'ana malowo mwezi wolakwika. Mabuku a ku England amawonjezera chisokonezo chifukwa kumeneko zinthu n'zotembenuka: khoma loyang'ana kummwera ndilo lotentha, loyang'ana kumpoto ndilo lozizira. Abale athu okhala ku Leeds kapena ku Manchester angatsatire malangizo amenewo bwinobwino, koma wa ku Area 25 kapena ku Chipata ayenera kuwatembenuza. Chimene sichisintha chaka chonse ndi kusiyana kwa kummawa ndi kumadzulo. Dzuwa la m'mawa limapeza mpweya usanatenthe ndipo maluwa ambiri amalikonda, ngakhale ena otchedwa a pamthunzi. La masana, likamawomba khoma loyang'ana kumadzulo, limatenthetsa njerwa zomwe zimapitiriza kutulutsa kutenthako dzuwa litalowa kale. Maola 4 a dzuwa la kumadzulo ndi olemetsa kuposa maola 6 a kummawa, ndipo kapepala ka pambewu sikanena zimenezo.

Kukwera kwa malo nakonso kumasintha tanthauzo la dzuwa. Dedza ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, Mzuzu pafupifupi 1,250, Lilongwe ndi Blantyre mozungulira 1,000, nyanja ili pansi pa mamita 500, pomwe Nsanje sakwana n'komwe mamita 100. Kuchigwa cha Shire kutentha kumapitirira madigiri 40 mvula isanagwe, pomwe ku Thyolo ndi ku Mulanje chiperoni chimanyowetsa masamba mu Juni ndi Julayi. Agapanthus amene amasangalala pamtetete ku Dedza amafuna mthunzi wa masana ku Salima. Duwa limodzi lomwelo likhoza kukhala la padzuwa kwina, la pamthunzi kwina, ndipo wogulitsa amene wayankha funsolo osafunsa kumene wogula akukhala wangoyankha theka.

Mthunzi ndiye umanamiza kwambiri, chifukwa uli mitundumitundu. Wa mtengo wa mango ndi wandiweyani chaka chonse, ndipo mizu yake imadzaza pamwamba pa nthaka n'kumwa dontho lililonse. Pansi pa bulugamu n'poipirapo. Jacaranda amapereka mthunzi wopyapyala m'dzinja koma amayoyola masamba chakumapeto kwa chilimwe, n'kusiya zomera za pansi pake padzuwa pa nthawi imene zimafuna chitetezo. Msangu umachita zosiyana ndi mitengo ina yonse: umakhala ndi masamba m'chilimwe n'kuwataya mvula ikayamba, n'chifukwa chake alimi amausiya m'munda wa chimanga, ndipo pa chifukwa chomwecho pansi pake ndi pabwino kwa maluwa amene amafuna kuwala m'dzinja ndi kubisala m'chilimwe. Palinso mthunzi wa denga. Pansi pa malata otulukira kunja kwa khoma mvula sifika, kotero nthaka imakhala youma ngakhale mu Januwale, pomwe sitepe imodzi kuchokera pamenepo madzi ogwa padenga amakumba kangalande n'kufukula mizu. Malo onsewa munthu angawatche mthunzi, koma duwa limawamva mosiyana, ndipo kusiyanako kuli m'nthaka osati m'kuwala.

Apa ndi pamene pali mfundo yanga yaikulu: njira yodalirika yosankhira duwa lokhalitsa ndi kufunsa kumene linachokera ndi kuyang'ana mizu yake, kenako n'kufunsa za dzuwa. Chomera chimene makolo ake anakulira kumene mvula imagwa nyengo imodzi n'kusiya chilala chachitali chimakhala ndi njira yosungira madzi. Agapanthus, wa ku South Africa, ali ndi mizu yoyera yonenepa ngati zala. Bulbine frutescens amasunga madzi m'masamba ake ndipo amatulutsa timaluwa tachikasu kapena tofiirira pafupifupi chaka chonse. Tulbaghia violacea, wonunkhira ngati adyo, Dietes wa masamba osongoka, Gazania yemwe amatsegula maluwa dzuwa likawala n'kuwatseka kukachita mitambo, ndi Gerbera wa ku Barberton, onse ndi a kummwera kwa Africa kuno ndipo amadziwa kudikira mvula. Mizu ndi mababu otere ndi nkhokwe ya chomera, ndipo chimene chadzaza nkhokwe m'dzinja chimafika mu Novembala chili moyo. Si zokhazo za mu Africa zimene zimapirira. Hemerocallis wa ku Asia, amene duwa lake lililonse limakhala tsiku limodzi koma phesi lake limatulutsa ambiri motsatizana, ali ndi mizu yotupa ndipo amachita bwino kumtunda. Kumadera otentha a kunyanja ndi kuchigwa, Catharanthus roseus wa ku Madagascar, kaduwa kofiirira kapena koyera kamene kamamera kokha m'mabwalo ambiri, kamapirira kutentha kumene ena onse amafota nako. Anthu amakanyoza chifukwa chopezeka paliponse, koma kupezeka paliponse ndi umboni wa mphamvu zake. Ndi chomera chomwechi chimene asayansi anapezamo vincristine ndi vinblastine, mankhwala a khansa amene akugwirabe ntchito m'zipatala.

Pa bedi la kumadzulo, lotentha ndi louma, palibe chimene chingapose alovera ndi abale ake a kutchire, ndipo Malawi ali nawo ambiri. Aloe cameronii, amene anapatsidwa dzinali mu 1903 polemekeza Kenneth Cameron yemwe anatumiza chomerachi ku minda ya Kew kuchokera kuno, amafiira masamba ngati mkuwa dzuwa likamuwomba ndi madzi akachepa, pomwe pamthunzi amangokhala wobiriwira wamba. Aloe chabaudii amamera m'magulumagulu pamiyala m'madera ambiri a dziko lino. Ubwino wawo wina ndi nthawi imene amachita maluwa: kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, pamene bwalo lonse lachita mbuu, ndipo njuchi ndi timbalame toyamwa timadzi ta m'maluwa timadalira iwo. Chimene amadana nacho ndi madzi okhazikika. Pa dothi la makande, limene limagwira madzi m'dzinja n'kung'aluka m'chilimwe, alovera amawola tsinde pokhapokha bedi litakwezedwa ndi kusakanizidwa ndi mchenga wa kumtsinje. Pa katondo wofiira, amene amalola madzi kulowa, vutoli limachepa.

Kumthunzi nkhani n'njovutirapo, ndipo ndi bwino kunena mosabisa kuti maluwa owala a pamthunzi wouma ndi ochepa. Chitsanzo chothandiza ndi Impatiens walleriana, limodzi mwa maluwa a pamthunzi ogulitsidwa kwambiri ku Ulaya ndi ku America. Kwawo ndi kuno, m'nkhalango za kummawa kwa Africa kuyambira ku Kenya mpaka ku Mozambique, ndipo dzina lake ndi la Horace Waller, mmodzi mwa anthu a mishoni ya UMCA amene anafika ku Magomero mu 1861 pamodzi ndi Bishopu Mackenzie. Ku Ulaya amalibzala chaka ndi chaka chifukwa chisanu chimalipha, pomwe kuno likhoza kukhala zaka. Komabe munthu akalibzala pansi pa mango ku Kasungu lidzafota Seputembala asanathe, chifukwa kutchire limamera m'mbali mwa timitsinje ndi m'zigwa zachinyezi. Kukhala duwa la kwathu sikokwanira, liyenera kufanana ndi malo enieniwo. Clivia miniata, wa m'nkhalango za ku KwaZulu-Natal, ndiye amene amapirira mthunzi wa pansi pa mitengo chifukwa mizu yake yonenepa imayenda m'masamba owola pamwamba pa nthaka. Amatulutsa maluwa ofiirira chakumapeto kwa nyengo yozizira, koma amafuna kuzizirako kuti achite maluwa, kotero ku Zomba, ku Blantyre ndi ku Mzuzu amachita bwino kuposa ku Mangochi. Amakula pang'onopang'ono, satulutsa duwa mpaka patatha zaka 3 kapena 4 akabzalidwa kuchokera ku njere, ndipo sakonda kuzulidwazulidwa. Mitundu ya Plectranthus imadzaza malo msanga n'kuchita maluwa nthawi ya masika. Kumene kuli chinyezi ndi kutentha pamodzi, monga ku Nkhata Bay, Spathiphyllum, Anthurium ndi Heliconia amakondwa. Ndipo pansi pa mtengo umene mizu yake yalanda zonse, nzeru ndi kuvomereza masamba okongola a Chlorophytum kapena Sansevieria m'malo molimbana ndi mtengowo chaka chilichonse.

Wina anganene kuti zonsezi n'zongochulukitsa gaga m'diwa, popeza amene ali ndi mpopi ndi paipi akhoza kubzala chilichonse. Pali zoona zake: madzi amakulitsa mndandanda wa zimene zingamere. Koma madzi a m'tauni si a ulere, ndipo amasowa pa nthawi yomweyo imene maluwa akuwafunitsitsa. Ambiri mwa madzi a mu Blantyre amapopedwa kuchokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, kukwezedwa mamita mazanamazana ndi magetsi, ndipo bedi limene limafuna kuthiriridwa tsiku lililonse limafa sabata imodzi imene mpopi wauma. Komanso pali zinthu zimene madzi sangagule. Peony, tulip ndi hosta, omwe amadzaza zithunzi za minda ya ku England, amafuna masabata ambiri a kuzizira kwenikweni kuti agone n'kudzukanso, ndipo popanda kuzizirako amafooka chaka ndi chaka mpaka kutha, kaya munthu athirire motani. Njira yanzeru yogwiritsira ntchito madzi ndi kuika zomera zaludzu pamene madzi ali kale. Canna, amene anachokera ku America koma anazolowera kuno kalekale, amakonda dzuwa ndi nthaka yonyowa, kotero malo ake ndi kumene kumathera madzi a kubafa kapena pamene ngalande ya denga imatsirira. Zantedeschia, duwa loyera lija la pamaukwati ndi pamaliro, amafuna chinyezi chomwecho koma kumalo ozizirirapo. Zomera zopirira zikakhala pazokha ndi zaludzu pazokha, kheni imodzi imapita pamene ikufunikadi.

Chotsutsa china ndi champhamvu kuposa ichi. Maluwa okhalitsa ambiri amachita maluwa masabata ochepa pachaka, pomwe a nyengo imodzi monga petunia, zinnia ndi marigold amawala miyezi ingapo osapumira, ndipo paketi ya njere zake ndi yotsika mtengo kuposa mbande imodzi ya Clivia. Amene akufuna bwalo lowala pa ukwati wa mu Ogasiti sakulakwa kusankha amenewo. Yankho langa si lakuti a nyengo imodzi atayidwe, koma kuti asakhale maziko. Bedi losankhidwa bwino limasinthana maluwa chaka chonse: Scadoxus amatulutsa mpira wake wofiira ndi mvula yoyamba, Agapanthus amatsatira mu Novembala ndi Disembala, Canna ndi Hemerocallis amadzaza dzinja, Plectranthus amabwera nthawi yokolola, alovera m'nyengo yozizira, Clivia pambuyo pake. Pakati pa zimenezi masamba ndiwo amasunga maonekedwe a bedi, n'chifukwa chake posankha ndi bwino kuyang'ana chomera chisanachite duwa n'kudzifunsa ngati chikukongola chomwecho. M'mipata, makamaka chaka choyamba pamene zokhalitsa zisanatambasuke, a nyengo imodzi ali ndi malo awo. Za mtengo, kuwerengera kumasintha pakapita nthawi. Chitsa cha Agapanthus, Dietes kapena Hemerocallis chimafuna kugawidwa pakatha zaka 3 kapena 4, ndipo chimodzi chimatulutsa zingapo. Maluwa ambiri a m'mabwalo athu sanagulidwe n'komwe, anachoka kwa mnansi, kutchalitchi kapena kwa apongozi atakulungidwa m'jumbo. Njira imeneyi ili ndi ubwino umene nazale singapereke: chomera chimene chakhala zaka zisanu pa bwalo la pafupi chayesedwa kale pa dothi lomwelo ndi dzuwa lomwelo.

Mfundo ya kupirira ili ndi ngozi yake, ndipo sindingaibise. Chomera chimene sichifa ndi chilala, sichidyedwa ndi mbuzi ndipo chimadzifesa chokha ndi chimenenso chimathawira kutchire. Lantana camara anafalitsidwa m'maiko ambiri ngati duwa lokongoletsa, lero watseka malo odyetsera ziweto ndipo masamba ake amadwalitsa ng'ombe. Deliya wachikasu wa ku Mexico ndi ku Central America wadzaza m'mbali mwa misewu ndi mitsinje, ngakhale alimi ena amamugwiritsa ntchito ngati manyowa. Namasupuni, amene amatsekereza mtsinje wa Shire ndi kuvutitsa makina opangira magetsi ku Nkula, anachoka ku South America n'kufalikira padziko chifukwa anthu anakopeka ndi duwa lake. Choncho kupirira kokha sikokwanira, duwa labwino la pabedi ndi limene limakhala pamene laikidwa. Mbali inayo ya ngozi yomweyi ndi kuganiza kuti popeza zomera za kwathu n'zabwino, ndiye tikazikumbe kuphiri. Ku Nyika kuli mitundu ya ma orchid yoposa 200, ndipo ina ikuchepa kale chifukwa cha okumba mizu yake yodyedwa, yotchedwa chinaka. Yambiri imadalira tizamoyo ta m'nthaka ya komweko, kotero ikasamutsidwa imafa. Alovera wogulitsidwa pamsewu wopanda chubu, mizu ili ndi dothi la pamwala, nthawi zambiri wachotsedwa kutchire. Amene akufuna kuona zomera za dziko lino zikukula ndi mayina ake akhoza kupita ku minda ya National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi ku Zomba, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Wa ku Zomba unayambitsidwa ndi Alexander Whyte mu 1891. Pabwalo pamene pamasewera ana pafunikanso kudziwa kuti ena mwa maluwa okongola kwambiri a kuno ndi akupha. Gloriosa superba, duwa la fuko la Zimbabwe limene limayanga m'tchire lathu nthawi ya dzinja, lili ndi poizoni m'mbali zake zonse, makamaka m'mizu yake yooneka ngati kambatata. Scadoxus, Clivia ndi Adenium wa ku Liwonde ndi ku Lengwe nawonso sayenera kulowa m'kamwa.

Zikatere, ntchito yosankha imayamba miyezi ingapo khasu lisanagwire nthaka. Malo amafunika kuwaona kawiri, mu Juni ndi mu Okutobala, m'mawa, masana ndi chakumadzulo, ndi kuwaonanso tsiku limene kwagwa mvula yamphamvu kuti munthu adziwe pamene madzi amaima ndi pamene amathamanga. Kubzala kwabwino ndi kwa mu Disembala kapena kuchiyambi kwa Januwale, mvula itakhazikika, kuti mizu ikhale ndi miyezi 3 kapena 4 yolowa pansi chilimwe chisanafike. Mbande yogulidwa mu Seputembala chifukwa inali ndi duwa lokongola m'chubu imayamba moyo wake pa nthawi yovuta koposa, ndipo ngakhale chomera chopirira chimafuna kuthiriridwa m'chilimwe chake choyamba. Manyowa owolerana bwino kapena kompositi amathandiza dothi la mtundu uliwonse, la mchenga kuti lisunge madzi ndi la makande kuti lipume. Kuphimbira ndi udzu kapena masamba kumachepetsa kuuma, ndipo amene amaopa chiswe adziwe kuti chimayamba ndi zouma, n'kupita ku chomera makamaka chikakhala chofooka kale ndi ludzu, kotero chofunika ndi kusiya mpata wa chikhatho pakati pa zophimbirazo ndi tsinde, komanso kusaziunjika pakhoma la nyumba. Pothirira m'chilimwe, madzi ambiri kamodzi kapena kawiri pasabata amakokera mizu pansi, pomwe kuwaza pang'ono tsiku lililonse kumaisunga pamwamba, pamene nthaka imayambira kuuma.